Kaphikidwe ka chigumu kuno ku Johannesburg, kuti chifufume osagwa pakati

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Joni dandaulo lathu pa chigumu ndi limodzi. Kumudzi chinkatuluka bwino, koma kuno chimafufuma mu uvuni mpaka kukondweretsa mtima, kenako n'kugwa pakati. Tsiku lina chimauma, mukati mudule chimangonyenyeka. Manja anu ndi omwe aja, ndipo luso silinathe ayi. Chimene chasintha ndi ufa, nthochi, komanso kukwera kwa malo amene mzindawu unamangidwa. Zitatuzi mukazisamala, chigumu, chimene ena mumati chikondamoyo, chidzabwerera mwakale, ndipo alendo a Lamlungu akadzabwera mukaweruka kutchalitchi mudzawaikira patebulo mopanda manyazi.

Miyezo ili m'munsiyi ndi ya thini imodzi ya masentimita 23 mbali zonse, yokwanira anthu 8 kapena 10 omwera tiyi. Kapu imene ndikunena ndi ya 250 ml.

Nthochi zakupsa kwambiri 4
Ufa woyera wa chimanga makapu 2
Ufa wa chimanga wokhakhala wa braaipap theka la kapu
Ufa wa tirigu theka la kapu
Amasi (chambiko) kapu imodzi ndi theka
Mazira 2
Mafuta ophikira masupuni aakulu 5
Shuga masupuni aakulu 5
Mchere theka la supuni ya tiyi
Soda supuni ya tiyi yosadzaza, magawo atatu mwa anayi

Ngati muli ndi mgaiwa weniweni, tengani makapu awiri ndi theka m'malo mwa ufa woyera ndi wa braaipap uja.

Choyamba: nthochi muziganizire masiku angapo tsiku lophika lisanafike

Ngati mukufuna kuphika Loweruka, nthochi mugule Lachiwiri kapena Lachitatu. Za m'mashopu a kuno, kaya ndi ku Shoprite, ku Boxer kapena ku Pick n Pay, zambiri ndi za mtundu wa Cavendish, womwe ndi banja limodzi ndi kabuthu wa kwathu. Zimalimidwa ku Mpumalanga, ku Limpopo ndi ku KwaZulu-Natal, zina zimalowa kuchokera ku Mozambique. Mkoko amaudula ukadali wauwisi kuti upirire ulendo, kenako amakaupsetsa m'zipinda zapadera ndi mpweya wotchedwa ethylene. N'chifukwa chake khungu limaoneka lachikasu bwinobwino pamene m'kati simunatsekemere. Nthochi yotereyi ndi yabwino kudya pamanja, koma m'chigumu siipereka fungo lija timalidziwa la nthochi ya sukari yopsera m'nkhokwe.

Zimene mukufuna ndi zija zachita mawanga akuda thupi lonse, zofewa moti mukakanikiza ndi chala pamatsala chizindikiro. Kuti zifike pamenepo msanga, ziikeni m'thumba la pepala pamodzi ndi apulo limodzi, mupinde kukamwa kwake. Apulo amatulutsa mpweya womwe uja wopsetsa zipatso. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene m'nyumba mumazizira mpaka mafuta kugwirana m'botolo, thumbalo liikeni m'kabati ya kukhitchini pafupi ndi sitovu. Mufiriji musaikemo nthochi yosapsa, imangoda khungu osatsekemera.

Njira ina yosavuta ndi kupita kwa amayi ogulitsa zipatso pafupi ndi renki ya Bree kapena ya Noord nthawi yamadzulo. Pambali pa tebulo pamakhala kamulu ka nthochi zimene ogula ena azikana chifukwa cha mawanga. Zimenezo ndiye zathu, ndipo mtengo wake umakhala wotsika. Mukapeza zambiri, zisendeni, muziike m'mapepala apulasitiki zinayizinayi, musunge mufiriza. Zikasungunuka zimatuluka madzi abulauni. Madziwo musataye, muli shuga wambiri.

Chachiwiri: dziwani ufa umene muli nawo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mgaiwa ndi chimanga chogaya chathunthu, gaga ndi mtima wake zili momwemo. Mtimawo uli ndi mafuta, ndipo ndi umene umapatsa chigumu kukoma kuja kokhala ndi thupi. Ufa wa White Star, Iwisa kapena Ace, umene pathumba amalemba kuti super, anauchotsa gaga ndi mtima womwe. Si ufa woipa. Nsima yake imayera bwino, ndipo kuyambira m'chaka cha 2003 lamulo la dziko lino limakakamiza ogaya kuthiramo mavitamini ndi michere ina. Koma paokha umapereka chigumu chouma, chosamveka chimanga m'kamwa. Ndiye tikuuthandiza ndi theka la kapu ya braaipap kuti mano azipeza chotafuna, ufa wa tirigu pang'ono kuti chigumu chigwirane, ndi mafuta ochulukirapo kuposa amene agogo ankathira.

Pogula onetsetsani kuti simunatenge phala lija longothira madzi otentha. Makampani omwewo amapanganso limenelo, mapaketi amafanana, koma muli kale shuga ndi zonunkhiritsa, ndipo silingaphike chigumu.

Mgaiwa weniweni umapezeka nthawi zina kwa ogulitsa zakudya zakumudzi ku Yeoville, kapena wachibale akamabwera pa basi mungamupemphe akunyamulireni. Musanaugwiritse ntchito, tapani pang'ono m'dzanja mununkhize. Chifukwa cha mafuta aja, mgaiwa umaonongeka msanga kusiyana ndi ufa woyera, ndipo wokhalitsa umamveka fungo la mafuta akale komanso umawawa kukhosi. Wabwino uuikeni m'chigubu chotseka bwino musunge mufiriji. Ine ndikakhala ndi mgaiwa wochepa, ndimasankha kuusungira chigumu ndi phala la ana, nsima ndimaphika ya ufa wa kuno.

Chachitatu: nyikani ufa mu amasi

Sendani nthochi muzikanye ndi foloko m'mbale yaikulu mpaka zikhale phala. Timibulu tochepa tingatsale, timakoma chigumu chikapsa. Thiranimo amasi, mazira, mafuta, shuga ndi mchere, mutakase. Kenako thirani ufa wa chimanga wonse, woyera ndi wa braaipap, musakanize ndi mthiko. Ufa wa tirigu ndi soda zisiyeni kaye pambali.

Vundikirani mbaleyo muisiye kwa mphindi 30. Gawo ili ambiri amalidumpha chifukwa cha changu, koma ndi limene limathetsa vuto lija lomva ufa kulumalumba m'mano chigumu chitapsa kale. Ufa wa chimanga umamwa madzi pang'onopang'ono. Ukalowa mu uvuni usanamwe, umakamwa madzi a m'chigumu momwemo, n'kuchisiya chouma.

Amasi ndi chambiko chomwe chija, ndipo kuno tili ndi mwayi chifukwa amapezeka paliponse, ngakhale pa spaza, kagolosale ka pakona. Inkomazi kapena mtundu wina uliwonse ndi wabwino. Ngati mulibe, tengani mkaka wamba, pa kapu iliyonse muthire supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga, mudikire mphindi 10 mpaka uyambe kudukaduka. Kuwawasa kumeneku n'kofunika, chifukwa soda sagwira ntchito yake popanda chowawasa.

Mphindi 30 zikatha, nyamulani mthiko muone. Zosakanizazo zizigwa zokha mwaulesi, osati kuyenderera, komanso osati kumamatira mpaka kuchita kugwedeza. Zikalimba, onjezerani amasi masupuni awiri kapena atatu. M'nyengo yozizira mpweya wa kuno umauma kwambiri, ufa nawonso umakhala wouma, choncho musadabwe mukaona kuti mu Julayi ukufuna amasi ambiri kuposa mu Januwale.

Chachinayi: yatsani uvuni, muonenso za magetsi

Pamene ufa ukumwa, yatsani uvuni pa 190°C ndipo shelefu ikhale pakati. Pakani thini mafuta, pansi pake muyale pepala lophikira makeke. Kumudzi ntchito imeneyi inali ya tsamba la nthochi, ndipo mukalipeza lifewetseni pamoto muyale, fungo lake silifanana ndi china chilichonse.

Musanathire soda, yang'anani mayuniti pa mita. Uvuni wamba umadya pafupifupi mayuniti awiri pa ola, ndiye musayambe muli ndi imodzi yokha. Onaninso ngati dera lanu lili pa ndandanda yozimitsa magetsi. Kuzimazima kwafupipafupi kwa 2023 kunatiphunzitsa tonse kuyang'ana EskomSePush, pulogalamu ya pafoni yoonetsa ndandandayo, tisanaike mphika pamoto, ndipo chizolowezi chimenecho n'chabwino kuchisunga, poti m'madera ena magetsi amachotsedwabe m'mawa ndi madzulo. Magetsi akazima chigumu chili m'kati, musatsegule chitseko. Ngati chinali chitakhalamo kale mphindi 25 kapena kuposa, kutentha kotsalako kumatha kuchimaliza.

Chachisanu: soda, ndi chifukwa chake tikumuchepetsa

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre zili cha m'ma 1,000, ndipo kunyanja kwathu, ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, ndi cha m'ma 500 basi. A ku Dedza okha ndi amene anazolowera kuphikira pamalo okwera pafupifupi chonchi. Pamalo okwera mpweya umapepuka, sukanikiza zinthu mwamphamvu. Madzi amawira msanga, kuno amawira pa 94°C osafika 100°C, ndiye chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa chonchija ngakhale zikubwadamuka.

M'chigumu zimachitika motere. Soda akakumana ndi amasi amatulutsa timathovu ta mpweya, ndipo timathovuto ndi timene timakweza chigumu. Kuno timakula msanga komanso mopitirira, chifukwa palibe chotibweza. Chigumu chimakwera ufa ndi mazira zisanalimbe, timathovu timaphulika, pakati n'kutsika. Ndiye amene amaonjezera soda poganiza kuti chagwa chifukwa anachepa, akuonjezera vuto. Muyezo umene munkathira supuni ya tiyi yodzaza kwanu, kuno chotsaniko gawo limodzi mwa anayi. Ndipo uvuni tawukweza kufika 190°C m'malo mwa 180°C kuti chigumu chilimbe msanga chisanakwere mopitirira.

Soda wochuluka amadziwikanso ndi maonekedwe. Chigumu chimafiira modera m'kati, ndipo kumapeto kwa lilime kumamveka sopo. Ngati muli ndi baking powder yekha, thirani masupuni a tiyi awiri, koma musathire zonse ziwiri modzaza.

Sefani soda pamodzi ndi ufa wa tirigu uja kuti asachite timibulu, chifukwa kambulu kamodzi ka soda kamaononga chidutswa chonse cha munthu. Thirani m'mbale muja, mutakase mofatsa mpaka ufa woyera usaonekenso, basi. Apa si povundula ngati nsima. Mukatakasa kwambiri mumatulutsa mpweya umene mukuufuna. Thirani m'thini nthawi yomweyo, musalaze pamwamba ndi kumbuyo kwa supuni yonyowa, mulowetse mu uvuni. Soda akangolowa, kucheza pa foni kudikire.

Chachisanu ndi chimodzi: kuphika

Mphindi 30 zoyambirira musatsegule uvuni, ngakhale fungo litayamba kutuluka mpaka m'khonde la fulati ana a oyandikana nawo n'kuyamba kusuzumira pakhomo. Mphepo yozizira ikalowa nthawi imeneyi, pakati pamagwa. Yang'anirani pagalasi.

Zikakwana mphindi 40, tsegulani muyese. Pamwamba pakhale pofiirira, pong'aluka pang'ono, ndipo m'mbali chikhale chitayamba kusiyana ndi thini. Bayani pakati penipeni ndi mpeni woonda kapena kamtengo koyera. Kakatuluka ndi tinyenyeswa touma, chapsa. Kakatuluka ndi phala, bwezeranimo kwa mphindi zina 5 mpaka 10. Nthawi zina mpeni umadutsa pa kambulu ka nthochi n'kutuluka wonyowa, choncho bayani malo awiri musanagamule. Ngati pamwamba payamba kuda m'kati musanapse, vundikirani ndi foyilo osakanikiza.

Mauvuni a m'nyumba zalendi ambiri ndi okalamba, ena amatentha mbali imodzi. Mukaona kuti kumbuyo kukufiira msanga, tembenuzani thini mphindi 30 zija zikatha.

Ngati mulibe uvuni

Ambiri a ife tikukhala m'chipinda chimodzi, chophikira chathu ndi sitovu ya mapuleti awiri kapena kasilinda ka gasi. Chigumu chinayambira mumphika, ndiye palibe chodandaulitsa. Tengani poto wokhuthala pansi, wa Hart kapena wachitsulo cholemera, mumupake mafuta ndi kuyala pepala. Pansi pa potoyo ikani chiwaya chakale kuti moto usamenye malo amodzi. Sitovu ikhale pa 1 kapena 2, gasi akhale wotsitsitsa. Thirani zosakaniza zosapitirira theka la poto, muvundikire. Pakapita mphindi 20 tsegulani mwachangu mupukute madzi a pachivundikiro kuti asadonthere pa chigumu. Pakatha mphindi 40 kapena 45 pamwamba pamakhala pouma koma potuwa. Chikhuthulireni pambale, muchibwezere mumphika chozondoka kwa mphindi 10 kuti mbali inayo ifiirenso.

Njira ina ndi imene anzathu Achizulu amaphikira ujeqe, buledi wawo wophika ndi nthunzi. Thirani zosakaniza m'mbale yachitsulo yopaka mafuta, muivundikire ndi foyilo, muiike mumphika waukulu wokhala ndi madzi ofika theka la mbaleyo, ziwire pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi mphindi 15. Sichikhala ndi khungu lofiira, koma chimafewa kwambiri ndipo sichingapserere. Kwa agogo ovutika mano, njira imeneyi ndiyo yabwino. Madzi akachepa onjezerani otentha, osati ozizira.

Amene muli ndi bwalo ndipo mukufuna kukoma kwa makala, mbaula ikhale ndi makala ochepa pansi, ambiri muwaike pachivundikiro. Koma chonde abale, mbaula ikhale panja. Musailowetse m'chipinda kuti muotherenso, ngakhale kuzizire motani. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Chaka ndi chaka nyengo yozizira ikafika, ogwira ntchito zangozi mumzinda muno amachenjeza za zimenezi chifukwa mabanja amatha.

Chachisanu ndi chiwiri: kuziziritsa, kudula ndi kunyamula

Chikatuluka, chisiyeni m'thini mphindi 15, kenako muchitulutse chizizire mphindi zina 20. Chigumu chotentha chimanyenyeka pansi pa mpeni, chofunda chimaduka bwino. Dulani zidutswa 16, ana apatseni za pakati zofewa, za m'makona musungire amene amakonda khungu, poti pabanja lililonse sasowa.

Mukamapita nacho kutali, kaya ku chinkhoswe ku Tembisa, kukaona mwana wobadwa kumene ku Cosmo City, kapena kukapepesa maliro, musachikulunge m'pulasitiki chikadali chofunda. Chimachita thukuta, khungu n'kunyowa. Chinyamuleni chathunthu m'thini momwemo, mukulunge ndi kansalu koyera kenako chitenje, muchiike pamiyendo mu taxi, mukadulire komweko. Anthu akachuluka, phikani mathini awiri m'malo mothira zonse m'thini imodzi yakuya, chifukwa yakuyayo imapserera kunja m'kati muli muwisi. Pamene pali akuluakulu odwala matenda a shuga, thini imodzi muphike yopanda shuga, nthochi zokha zimakwanira, ndipo muwauze kuti ndi iti.

Tiyi wake akhale wamphamvu, wamkaka. Ngati Chombe watha m'kabati, wa m'mashopu a kuno si mlendo kwenikweni, poti dziko lino limagula tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi Mulanje n'kumusakaniza m'mapaketi ake. Abale athu Achisilamu a ku Mayfair ndi Fordsburg angachikonze masana m'mwezi wa Ramadan, chimafika nthawi yomasula chikadali chofewa.

Chotsala chiikeni m'chidebe chotseka. M'chilimwe chimakhala masiku awiri kunja kwa firiji, mufiriji masiku anayi. Chikayamba kuuma, dulani mopyapyala, mupake majarini, muwotche pachiwaya mbali zonse ziwiri kuti ana adye m'mawa popita kusukulu.

Nthochi zikatsala ziwiri kapena zitatu

Zimenezo ndi zitumbuwa. Kanyani nthochi 3, muthire kamchere, shuga supuni imodzi ngati mukufuna, ndi ufa woyera pafupifupi kapu imodzi, pang'onopang'ono mpaka ziziumbika m'manja osamata. Apa ufa wa kuno umachita bwino chifukwa ndi wosalala. Zisiyeni mphindi 15, muumbe timipira, mutiphwatalitse ndi chikhatho kuti tisanenepe pakati. Yesani mafuta ndi kachidutswa kakang'ono: kakamira n'kubwerera pamwamba kakuchita thovu, mafuta afika. Akafika potulutsa utsi ndiye kuti apitirira, zitumbuwa zidzada kunja m'kati muli ufa. Kazingani zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, muzitsanulire pa sefa kuti mafuta akhe musanaziike m'mbale.